Zitheba zopirira mphutsi: ndi mbewu kapena nthaka?

Mankhwala opopera akukwera mtengo, ndipo alimi a zitheba m'madimba a ku Ntcheu ndi Dedza ayamba kufunsa za mbewu yomwe tizilombo sitiigonjetsa msanga.

Chowasowetsa tulo ndi ntchentche ya nyemba, kanthu kakang'ono kakuda komwe kamaikira mazira pa masamba oyambirira. Mazira akaswa, mphutsi imatsika m'kati mwa tsinde mpaka pafupi ndi dothi, mbewu n'kumafota ngati yasowa madzi.

Pa dimba lina kufupi ndi Lizulu, mayi wina anadzala mitundu iwiri moyandikana. Mizere ya kumtunda inali yachikasu, mipata ili mbwee. Anazula chitsamba chimodzi n'kung'amba tsinde ndi chikhadabo: linali lotupa, losweka, m'kati muli kachibungu kofiirira. Ya kumunsi nayo inali ndi mphutsi, koma tsinde lake linali lokhuthala, ndipo pamwamba pa bala panatuluka timizu tatsopano toyera. Maluwa anali ataphuka, njuchi zili piringupiringu.

Mayiyo akuti chinsinsi ndi mbewu, yomwe anaipeza kwa mlamu wake. Mlimi woyandikana naye akukana. Akuti kumunsiko ndi kumene kumatsikira manyowa ndi chinyezi, komanso mayiyo anakwezera dothi m'tsinde mbewu zikadali zazing'ono.

Onse awiri ali ndi mfundo. Mitundu ya nyemba imasiyanadi kapiriridwe, koma mphutsizi zimasakaza kwambiri pa nthaka yoguga ndi pa mbewu zodzala mochedwa, ndipo kukwezera dothi kumathandiza mizu yatsopano ija kugwira. Chodetsa nkhawa ndi chakuti mawu oti "yopirira" ambiri akuwamva ngati "yosagwidwa". Mlimi akagula mbewu ndi chiyembekezo chimenecho amasiya kuyendera munda m'masabata oyamba, pomwe ntchentcheyi imachita zoopsa.

Kupirira kachilombo kamodzi sikutanthauzanso kupirira tonse. Nyemba zina zakutchire za ku Mexico zili ndi puloteni yotchedwa arcelin yomwe imapha mtundu umodzi wa anankafumbwe, koma mtundu wina suvutika nayo kwenikweni. Nsabwe za mbewu ndi nkhani inanso.

Pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, mavenda safunsa zonsezi. Amathyola chitheba chimodzi, akamva kuti thwa! ndipo n'chowongoka, chopanda ulusi, amagula thumba lonse. Mtundu wopirira wa mayi uja zitheba zake n'zopindika pang'ono, choncho zambiri zimathera mu mphika wa pakhomo.