Chiweto Chikadwala Mwadzidzidzi ku Malindi: Ntchito ya Alangizi a Ziweto

M'mizinda ikuluikulu ya m'maiko ena muli zipatala za ziweto zotsegula usana ndi usiku. Chiweto chikafika kumeneko chili kayakaya, amene amayamba kuchilandira ndi othandizira dokotala. Iwo amachiyeza, kuletsa magazi, kuchiika diripi ndi kusankha chimene chiyenera kuonedwa msanga pakati pa zonse zimene zabwera. M'Malawi muno zipatala za ziweto zokhala ndi zipangizo zochitira opaleshoni zili makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, monga cha bungwe la LSPCA. Mbuzi yotupa mimba ku Malindi kapena ku Lungwena, pa msewu wopita ku Makanjira, singapirire ulendo wotero, ndipo nthawi zina ngakhale kuoloka mtsinje wa Shire kukafika pa boma la Mangochi kumakhala kutali. Choncho ntchito yonseyi imagwera mlangizi wa ziweto wa m'deralo, ndipo chipatala chake ndi khola la mlimi.

Alangiziwa, amene alimi ambiri amangowatchula kuti adokotala a ziweto, amagwira ntchito pansi pa nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto mu Unduna wa Zaulimi. Boma la Mangochi lili m'chigawo cha zaulimi cha Machinga ADD. Ena mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, pomwe madokotala a digiri tsopano akuphunzitsidwa ku Bunda, pa yunivesite ya LUANAR. Mlangizi mmodzi amayang'anira midzi yambiri, ndipo pa tsiku limodzi angathe kuitanidwa malo atatu otalikirana. N'chifukwa chake ntchito yake imayambira pa foni, asanakwere njinga.

Mafunso amene amafunsa ndi omwe amamuthandiza kudziwa kopita koyamba. Kodi chiweto chayamba liti kudwala? Chikuimirira? Chikubzikula? Chadya chiyani dzulo ndi lero? Chili ndi bere? Nanga zina m'kholamo zili bwanji, ndipo pali chimene chagulidwa posachedwapa? Mlimi wongonena kuti mbuzi yadwala amasiya mlangizi m'mdima, koma wonena kuti mbuzi inalowa m'thumba la madeya m'mawa ndipo tsopano yatupa mbali ya kumanzere wamuuza kale matenda ake ndi zida zoti anyamule. Akafika amayeza kutentha kwa thupi, komwe pa mbuzi yabwino kumakhala pafupifupi madigiri 39, amamvetsera mtima ndi mapumidwe, ndipo amayang'ana m'kati mwa zikope. M'zikope moyera mumasonyeza kuchepa kwa magazi, kumene kawirikawiri kumadza ndi njoka za m'mimba kapena matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa.

Kutupa mimba ndi ngozi imene siyembekeza munthu. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili ndi chifu chachikulu chimene chili kumanzere, momwe chakudya chimasasa n'kumatulutsa mpweya nthawi zonse. Chiweto chabwino chimageya mpweyawo. Ukalephera kutuluka, chifucho chimafufuma n'kupanikiza mapapo, ndipo chiweto chingathe kufa m'maola ochepa. Izi zimachitika kwambiri mvula yoyamba ikagwa, pamene ziweto zanjala zimadya mopitirira msipu wanthete kapena masamba a mbewu za m'gulu la nyemba. Zimachitikanso bango kapena chidutswa cha chinangwa chikatsakamira kum'mero, zomwe si zachilendo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'nyengo ya mango. Mlangizi amasiyanitsa mitundu iwiriyi, pakuti chithandizo chake n'chosiyana. Mpweya ukasakanikirana ndi chakudya n'kukhala thovu, amamwetsa mankhwala kapena mafuta ophwanya thovulo. Ukangotsekeredwa, amalowetsa paipi kudzera kukamwa, ndipo zikavutitsitsa amaboola pa malo oyenera ndi chida chopangidwira ntchitoyo. Podikira, mlimi achiimiritse chiwetocho miyendo yakutsogolo ili pokwera ndipo achichotse pa chakudya. Kuthira madzi kapena mankhwala m'kamwa mwa chiweto chogona n'koopsa, chifukwa zimalowa m'mapapo, ndipo kuboola mimba ndi mpeni kumasiya bala limene limapha chiweto chimene chikanachira.

Pa kubereka, cholakwika chachikulu ndi kudikira. Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi masiku 150, ng'ombe miyezi isanu ndi inayi ndi masiku angapo, choncho mlimi wosunga tsiku lokweretsa sadzidzimuka. Mbuzi ikakankha mwamphamvu kwa mphindi 30 kapena kuposerapo popanda chooneka, kapena pakaoneka mutu wokha kapenanso mwendo umodzi, mlangizi aitanidwe. Iye amasamba m'manja, kubweza mwanayo pang'ono, kuongola chimene chapindika, kenaka kukoka mogwirizana ndi kukankha kwa make. Kumanga chingwe n'kukoka anthu atatu kumang'amba chiberekero. Chiberekero chikatuluka kunja pambuyo pobereka, chiphimbidwe ndi nsalu yoyera yonyowa, agalu ndi nkhuku zithamangitsidwe, ndipo wina asayese kuchibweza yekha.

Chiweto chikaganiziridwa kuti chadya poizoni, botolo kapena pepala la mankhwalawo lisungidwe kuti mlangizi awerenge. Makoko a chinangwa chowawa ndi madzi oviikamo chinangwacho nazonso zimapha mbuzi msanga.

Pali ngozi zina zimene ntchito ya mlangizi si kuchiza, koma kuletsa anthu kukhudza. Mwini chiweto akaona kuti chikufooka, maganizo oyamba amakhala ochizinga chisanafe kuti nyama isatayike, ndipo ogula ziweto ena amafika msanga ndi mtengo wotsika. Maganizowa ndi omveka, pakuti mbuzi imodzi ndi fizi ya mwana kapena thumba la feteleza. Koma ng'ombe kapena mbuzi imene yafa mwadzidzidzi, yatupa msanga, ndipo ikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, ingathe kukhala ndi matenda a anthrax, omwe amagwiranso anthu osenda ndi odya nyamayo. Mtembo wotere usatumbulidwe, chifukwa tizilombo take tikakumana ndi mpweya timasanduka njere zolimba zokhala m'dothi zaka makumi ambiri. Matendawa si akutali: chakumapeto kwa chaka cha 2018 anapha mvuu zambiri mu mtsinje wa Shire, m'nkhalango ya Liwonde, kum'mwera kwa nyanja ya Malombe. Mlangizi amatenga magazi pang'ono oti akayezedwe ku labotale, n'kuyang'anira kutentha kapena kukwirira mtembowo m'dzenje lakuya.

Chimodzimodzi ng'ombe zingapo zikayamba kuchucha dovu ndi kutsimphina nthawi imodzi. Izi ndi zizindikiro za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo ziweto za m'kholalo zisatuluke. Mangochi achita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo kuyendetsa ziweto popanda chilolezo cha ofesi ya ziweto ndi njira imodzi imene matenda amadumphira kuchoka pa khola limodzi kufika pa msika. Ogula ziweto adziwenso kuti chiweto chobayidwa jekeseni posachedwa chili ndi masiku amene nyama ndi mkaka wake siziyenera kudyedwa. Masikuwo amalembedwa pa botolo la mankhwala, ndipo mlangizi amawanena pobaya.

Pa chiwewe, wodwala woyamba kuthandizidwa ndi munthu. Wolumidwa ndi galu atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite ku chipatala tsiku lomwelo, kaya cha St Martin's pa Malindi pompo kapena cha boma ku Mangochi. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka pa munthu, kuchira kumakhala kosatheka, pomwe katemera wolandira m'nthawi yake amateteza. Mbali ya mlangizi ndi galuyo: amafufuza ngati analandira katemera, ndipo ngati n'kotheka kumutsekera bwinobwino amamuyang'anira kwa masiku 10. Galu akaphedwa kapena akafa, asatayidwe m'nyanja kapena m'tchire, ndipo mutu wake usaphwanyidwe, popeza ubongo ndi umene umayezedwa. Mbuzi kapena ng'ombe yolumidwa ndi galu wokayikitsa inenedwenso.

Chitopa chikalowa m'mudzi, mlangizi amaitanidwa ngati pa ngozi, koma matendawa alibe mankhwala ochiza. Chimene angachite ndi kupatula nkhuku zodwala, kukwiriritsa zakufa ndi kuletsa kuti zotsalazo zipite ku msika. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amapangidwa ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe ndipo amaperekedwa kwa nkhuku zabwino miyezi inayi iliyonse.

Matenda opatsirana ngati awa, malamulo a dziko lino okhudza matenda a ziweto amafuna kuti mwini chiweto awanene msanga. Mlangizi akalandira uthenga amaupereka ku ofesi ya zaulimi ya boma la Mangochi, ndipo kuchokera kumeneko umafika ku Machinga ADD ndi ku likulu, komwe kumachokera chilamulo chotseka misika ya ziweto kapena choyambitsa katemera m'dera lonse. Mlimi amene alibe nambala ya foni ya mlangizi wa m'dera lake angathe kuipeza ku ofesi ya zaulimi imene ili pafupi, kapena kudzera mwa mlangizi wa mbewu ndi nyakwawa ya m'mudzi mwake.