Mwana wasankhidwa kukaphunzira nyimbo? Safunsa anadya phula

Sabata yatha alamu anga, amene amagulitsa zitsulo za galimoto mumsika wa Limbe, anandiimbira foni mawu ali olefuka. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kukaphunzira za nyimbo ku yunivesite. "Alamu," anatero, "ife timayembekeza za malamulo kapena zowerengera ndalama. Nanga nyimbo amaphunziranso ku yunivesite? Mwanayu amaimba kale ku kwaya, tsono fizi tikalipire ya chiyani?"

Ndinawayankha kuti asadandaule za nyimbozo, chodandaulitsa ndi sabata yoyamba ya mwanayo pakoleji. Ndikunena izi, awerengi, chifukwa ine ndemwe ndinagwa pa sabata imeneyi, ngakhale kugwako kunadzaoneka patapita zaka ziwiri.

Ndinalowa koleji ina m'dziko muno ndikudzitama. Ndinali nditatsogolera kwaya ya kumpingo zaka zinayi, ndipo do re mi ndinkamuwerenga ngati kalata. Tsiku lolembetsa maphunziro, mzere unali wautali ndipo dzuwa linali loswa mtengo. Anatiuza kuti aliyense akaonane ndi mlangizi asanasaine fomu. Ndinagogoda kamodzi pa ofesi yawo, ndinapeza potseka, ndipo sindinabwererenso. Ndinangokopera zomwe anzanga a kuchipinda anasankha, n'kuikapo nyimbo poganiza kuti kumeneko ndikatola malikisi aulere.

Aulere ake ati! M'kalasi yoyamba aphunzitsi anajambula mizere isanu pabolodi n'kuyamba kuikamo manotsi. Do re mi wathu wa kukwaya munalibe. Sabata yachitatu anakhala pa piyano, n'kuliza kachidutswa kawiri kokha, akuti tilembe zomwe tamva. Ndinapereka pepala loyera. Ndinkaona manyazi kufunsa, poti mtsogoleri wa kwaya angafunse bwanji? Chaka chitatha ndinalakwa phunzirolo, ndinalakwanso mayeso obwereza, ndipo m'pamene ndinadziwa chinthu chomwe mlangizi akanandiuza m'mphindi zisanu, kuti phunziro la chaka chachiwiri sulowamo usanakhoze la chaka choyamba. Pobwereza, nthawi yake inagundana ndi phunziro lina. Mapeto ake anandiwida, monga amanenera ana asukulu, ndinakwera basi ndi chikwama changa.

Maphunziro a nyimbo ali ngati makwerero. Ukathyola popondera pamunsi, pamwamba sufikapo. Maphunziro ena munthu atha kuloweza usiku umodzi mayeso ali mawa, koma khutu ndi zala siziloweza usiku umodzi. Zimafuna theka la ola kapena ola tsiku lililonse, ndipo nthawi imeneyi pa ndandanda wa makalasi siilembedwa. Wophunzira watsopano amaona mipata pandandandapo n'kumati ali ndi nthawi yambiri, osadziwa kuti mipatayo ndi ya kuyeserera chida chake ndi kukonzekera ndi gulu.

Tsono kwa iwe mwana wa alamu anga, ndi anzako onse amene mwasankhidwa, nazi zoti ukafunse mlangizi. Ukapeza potseka, bwereranso mawa, ndi mkuja, kufikira utawapeza.

Choyamba, funsa kuti digiri yakoyo ndi yotani kwenikweni, chifukwa masukulu saphunzitsa zofanana. Ku University of Malawi ku Zomba, yomwe mpaka 2021 tinkaitchula Chancellor College, nyimbo zakhala zikuphunzitsidwa moyandikana ndi zisudzo ndi zojambula. Ku MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, kuli digiri ya African Musicology, yomwe ndi kufufuza nyimbo za mu Africa. Wopita kumeneko ndi maganizo oti akangojambula chimbale adzadabwa atauzidwa kuti akakhale pansi ndi oimba ng'oma kumudzi, alembe zomwe wamva ndi kuona.

Chachiwiri, pempha ndondomeko ya zaka zonse zinayi, osati ya teremu imodzi. Tenga pensulo, ulembe mzere kuchokera phunziro lililonse kupita ku lomwe limadalira ilo. Maphunziro amene ali ndi mizere yambiri ndi amene sayenera kuseweredwa. Funsanso kuti ukalakwa limodzi malamulo akuti chiyani, ndipo tsiku lomaliza kusintha phunziro ndi liti.

Chachitatu, ulula zomwe sudziwa. Ambiri a ife timachokera ku kwaya, ena ku bandi ya achinyamata, ena ku kompyuta yopangira mabiti. Onsewa ndi maluso enieni, koma aliyense ali ndi pomwe akuperewera. Ngati manotsi a pamizere isanu sunawaonepo, nena tsiku loyamba. Mlangizi sangathandize wodwala wobisa matenda.

Chachinayi, funsa za zida. Piyano zilipo zingati, ophunzira angati, ndipo chipinda choyeserera chimatsekedwa nthawi yanji? Yankho lake ndi lomwe likuuze ngati uzidzuka m'mamawa, kapena ngati bambo ako ayambe kusunga ndalama ya kiyibodi yogwiritsidwapo kale ntchito.

Chachisanu, funsa za mawa lako. Ngati ukufuna kudzaphunzitsa kusekondale, kodi digiriyi payokha ikuloleza, kapena pafunika maphunziro ena a uphunzitsi? Ngati pali mwayi wosankha phunziro lapadera, ganizira za malamulo a umwini wa nyimbo ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la umwini linabwera mu 2016, koma oimba angati amasaina mapepala asanawamvetse?

Kwa inu makolo amene thukuta lanu la mumsika ndi lomwe lilipire fizi, ndikuti musachite manyazi ndi phunziroli. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 kujambula nyimbo za makolo athu, ndipo zomwe anajambulazo zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kugwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, n'kuwalemba m'mabuku. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalengezedwa ndi UNESCO mu 2005, Tchopa mu 2014. Alendo anaona kale kuti pano pali chuma chofunika kuphunzira. Kodi ana athu azingoyembekeza kuwerenga za agogo awo m'mabuku a alendo?

Koma musangolipira n'kukhala chete. Mumsika simuoda katundu musanawerengere phindu. Mwana akabwera kutchuthi, musangofunsa kuti "sukulu ikuyenda?" poti yankho lake ndi "eya" nthawi zonse. Ine ndinkayankha choncho mpaka tsiku lomwe ndinafika ndi chikwama. Mufunseni dzina la mlangizi wake, wakumana nawo kangati, ndipo ndi phunziro liti lomwe likumuvuta.

Nawo akuluakulu a m'makoleji amve. Mwana wochokera ku sukulu yoyendera ya kumudzi amaopa chitseko cha ofesi. Lembani pachitsekopo nthawi yomwe mumapezeka, ndipo nthawiyo ikakwana mupezekedi.

Alamu anga anamvetsera zonsezi, kenaka anati, "Ndiye mubwere Loweruka mudzamuuze nokha." Ndipita. Nditenga pensulo ndi pepala lalikulu, ndipo ndikayamba ndi kumuonetsa kalata ija yomwe inandichotsa sukulu, poti ndikuisungabe.