Khonde Lathu ndi Kapaketi ka Soda

Anzathu a m'koperativa, chimanga chalowa m'nkhokwe. Mvula yatha. Ntchito ya kumunda yachepako. Ino ndi nthawi yoyang'ana pakhomo.

Mlendo akafika pakhomo, amayamba kuona khonde. Pakhonde timatonola chimanga. Pakhonde timasankha nyemba ndi kusadzula nkhwani. Ana athu amakwawa pomwepo. Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira zedi, ndipo tonse timaothera dzuwa pakhonde. Madzulo timakhalanso pomwepo ndi kope ndi pensulo, kubwereza zimene taphunzira.

Choncho khonde si malo wamba. Likakhala lauve, uvewo umalowa m'chakudya ndi m'kamwa mwa mwana. Likakhala laukhondo, banja lonse limapindula. Lero tiphunzira zinthu ziwiri: kukonza khonde, ndi kugwiritsa bwino ntchito soda. Zonsezi sizifuna ndalama zambiri. Zifuna manja athu ndi nzeru zathu.

TIYAMBE NDI KUKONZA

Tisanakongoletse, tiyambe takonza. Tiyang'ane nsanamira. Ngati chiswe chadya, tichotse, tiike ina yolimba. Tiyang'ane denga. Pamene udzu wawola, tifolere wina mvula ya Novembala isanafike.

Khonde likhale lokwera kuposa bwalo, ngati masentimita 20, kuti madzi asalowe. Pamene pamagwera madzi a padenga tikumbe kangalande. Madzi akamaima pafupi ndi nyumba amafewetsa khoma, ndiponso udzudzu umaswana m'menemo. Udzudzu ndiwo umafalitsa malungo.

Tikatero tizire. Titenge mtsiro wabwino, tichotse timiyala, tiuponde ndi madzi. Tizire ndi manja kuyambira kukhoma kubwerera m'mbuyo. Pakayamba kuuma, tikulunge ndi mwala wosalala. Pokulungidwa bwino sipachita fumbi msanga, ndipo utitiri usowa ming'alu yobisalamo.

Ntchito imeneyi si ya amayi okha ayi. Abambo akumbe dothi ndi kudula mitengo. Achinyamata atunge madzi. Mutu umodzi susenza denga. Lero tikonze khonde la mnzathu, mawa lathu. Tisaiwale makonde a agogo amene alibe owathandiza.

TIKONGOLETSE NDI ZA KWATHU KONKUNO

Penti wa kusitolo ndi wodula. Koma dziko lathu lili ndi mitundu yake. Katondo ndi wofiira. Mtsiro ndi wakuda. Dothi loyera lilipo, phulusanso lilipo. Makolo athu ankakongoletsa makoma ndi zimenezi.

M'munsi mwa khoma tipake dothi lakuda, chifukwa ndi pamene pamathimbirira msanga. Pamwamba tipake loyera. Pakati tijambule mizere, masamba kapena mbalame. Ife amene tikuphunzira kulemba tingathe kuchita chinthu chatsopano: kulemba pakhoma dzina la banja lathu ndi chaka. Ana akamaona zilembo tsiku ndi tsiku, amazizolowera asanayambe sukulu.

Mphika wosweka tisataye. Chitini chakale tisataye. Tiboole pansi kuti madzi azituluka, tithiremo dothi ndi manyowa, tibzalemo maluwa, tsabola kapena anyezi. Pambali pa khonde tibzale chinkhupule, tichikonzere mitengo yoyangapo. Masamba ake amatipatsa mthunzi. Zipatso zake zikauma timatsukira mbale ndi kusambira.

Tiyale mphasa, tiike timipando. Chapafupi timange thandala, kuti mbale ziziuma pa dzuwa, kutali ndi agalu ndi nkhuku. Zitosi tizisesa m'mawa uliwonse ndi kukathira m'dzenje la manyowa.

KODI SODA N'CHIYANI?

Tsopano tilowe m'nyumba, titenge kapaketi kaja. Soda wophikira ndi ufa woyera, wosalala. Pa paketi pamalembedwa m'Chipwitikizi kuti BICARBONATO DE SÓDIO. Tiwerenge pang'onopang'ono: bi-car-bo-na-to.

Soda asanabwere m'masitolo, amayi athu ankacheza chidulo. Ankaotcha zitsononkho za chimanga kapena mapesi a nyemba, n'kuika phulusalo m'chiwiya choboola pansi, n'kuthira madzi. Madzi odonthawo ndiwo chidulo. Chidulo ndi soda zimagwira ntchito yofanana pa ndiwo: zimafewetsa. Soda akasowa m'sitolo, chidulo chilipo.

Soda ali ndi khalidwe linanso. Akakumana ndi chinthu chowawasa, monga madzi a mandimu kapena mkaka wosasa, amachita thovu. Thovulo ndi mpweya. Mpweya umenewu ndi umene umatupitsa chigumu ndi chikondamoyo. Tiyese tokha: tithire soda pang'ono m'kapu, tifinyiremo ndimu, tione.

SODA POPHIKA

Apa pafunika muyeso. Pophika thelele, katsine kamodzi ka zala ziwiri n'kokwanira. Pa chigumu cha makapu awiri a ufa, supuni yaing'ono imodzi yosadzaza basi. Tikachulutsa, chigumu chimamveka sopo m'kamwa.

Ena a ife timathira soda m'ndiwo zonse zamasamba, eti kuti zipse msanga ndi kuoneka zobiriwira. Ndi zoona, zimaoneka bwino. Koma soda amawononga zina zofunika m'thupi. M'masamba amawononga vitamini C, amene amathandiza kuti zilonda zipole ndi kuti nkhama zikhale zolimba. Mu nyemba amawononga vitamini B1. Maso athu saona kuti zatayika, koma thupi la mwana limadziwa. Tinalima ndiwozo ndi thukuta. Nanga tiwonongerenji phindu lake mu mphika?

Tichite motere. Bonongwe, chisoso, mpiru ndi kabichi safuna soda. Tithyole masamba anthete, tiphike ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, titsire nsinjiro. Nyemba tiziviika m'madzi usiku wonse. M'mawa zimapsa msanga popanda soda, ndipo nkhuni sizitha zambiri.

SODA POTSUKA

Pa ntchito yotsuka, soda ndi bwenzi lenileni.

Ndiwo zikapserera mu mphika, tithiremo madzi ndi masupuni awiri a soda, tiwiritse pang'ono, tiuike pambali kuti uzizire. Zopsererazo zimachoka mosavuta. Koma poto wa aluminiyamu asakhalitse ndi soda, chifukwa amada.

Makapu othimbirira ndi tiyi tiwakweche ndi soda pa chinkhupule chonyowa, kenaka titsukuluze.

Chigubu kapena botolo likamanunkha, tithiremo madzi ofunda ndi soda, tikhutchumule, ligone usiku, m'mawa titsukuluze bwino.

Mwana akakodzera pamphasa, titsuke ndi madzi, tiwazepo soda, tiyanike pa dzuwa. Ikauma tikuntha. Nsapato zonunkha tithiremo soda madzulo, m'mawa tikhutule.

Tikumbukire chinthu chimodzi. Soda amachotsa fungo ndi zothimbirira, koma salowa m'malo mwa sopo. Tikachoka kuchimbudzi, ndiponso tisanadye, tizisamba m'manja ndi sopo. Sopo akasowa, phulusa limathandiza.

SODA KUDIMBA

Kudimba timaona masamba a maungu ndi nkhaka atayera pamwamba ngati wina wawazapo ufa. Amenewa ndi matenda. Masamba amachita chikasu n'kuuma, ndipo zipatso zimachepa.

Tikangoona mawanga oyamba, tithyole masamba odwala kwambiri, tiwakwirire. Kenaka tisungunule supuni yaing'ono imodzi ya soda mu lita imodzi ya madzi, tionjezere sopo pang'ono kuti madziwo amatirire pa tsamba. Tipopere m'mawa kapena madzulo, kamodzi pa sabata. Tisapopere dzuwa lili pamutu. Tiyambe tayesa pa masamba ochepa, chifukwa soda wochuluka amawaula masamba. Njira imeneyi imachepetsa kufala kwa matendawa, koma tsamba louma kale silichira. Tisamathire soda m'nthaka ayi. Si feteleza.

CHENJEZO: SODA ALI PAWIRI

Anzathu, apa timvetsetse bwino, chifukwa ndi nkhani ya moyo.

Pali soda wina wopangira sopo. Pa paketi yake pamalembedwa kuti SODA CÁUSTICA. Nayenso ndi woyera. Akasungunuka amaoneka ngati madzi akumwa. Koma ameneyu ndi poizoni. Amaotcha khungu. Amachititsa khungu m'maso. Mwana akamwa, amapsa kukhosi, ndipo akhoza kulephera kumeza chakudya kwa moyo wake wonse, kapena kufa kumene.

Ngati m'koperativa mwathu timapanga sopo, soda ameneyu asafike pakhonde. Asafike pamene timaphikira. Tisamuike m'botolo la zakumwa kapena m'kapu. Akhale m'chotengera chake chotseka, pamwamba, kumene ana sangafike.

Ngozi ikachitika, tisachedwe. Akagwera pakhungu kapena m'maso, titsuke ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenaka tipite kuchipatala. Munthu akamwa, tisamusanzitse, chifukwa pobwerera amaotchanso. Tithamange naye kuchipatala, titenge ndi paketi yake kuti a zaumoyo aione.

Ngakhale soda wophikira si mankhwala a ana. Khanda tisalimwetse soda. Amayi oyembekezera ndi anthu odwala kuthamanga kwa magazi asamamwe soda pofuna kuthetsa chilungulira. Chilungulira chikamabwerabwera, tikafunse kuchipatala.

Kale tinkasiyanitsa zinthu ndi maso okha, mwina ndi lilime. Pa ufa uwiriwu, kulawa ndi ngozi. Mu 1978 dziko lathu la Mozambique linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Phindu la kuwerenga si kulemba kalata kokha. Munthu wodziwa kuwerenga amaona paketi, n'kudziwa choti alowe nacho m'nyumba ndi choti achibise. Lero lomwe titenge kapepala, tilembe SODA WOPHIKIRA, timate pa botolo lathu.

TIWERENGE MAWU AWA

khonde, mtsiro, katondo, thandala, soda, chidulo, muyeso, poizoni

TIKAMBIRANE

1. Kodi madzi oima pafupi ndi khonde ndi oipa chifukwa chiyani?
2. Ndi ndiwo ziti zimene sizifuna soda?
3. Tingasiyanitse bwanji soda wophikira ndi soda wopangira sopo?
4. M'mudzi mwathu muno, ndi khonde la yani limene tiyambire kukonza?

TIWERENGERE

Lita imodzi ya madzi ifuna supuni yaing'ono imodzi ya soda. Nanga malita 5 afuna masupuni angati? Nanga malita 10?