Nkhama Zikayamba Kuthawa Mano

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chaka ndi chaka, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambowu, womwe atsamunda anauletsa mu 1934 ndipo unayambiranso mu 1984, ndi nthawi imene mafumu amafotokozera Kalonga za moyo wa anthu awo: zokolola, njala, matenda ndi mtendere wa m'midzi. Pali vuto lina lomwe silimveka kawirikawiri pa mabwalo otere, chonsecho lili m'kamwa mwa anthu ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Ndi kubwerera m'mbuyo kwa nkhama, pamene dzino limaoneka ngati latalika, muzu wake uli pamtunda, ndipo madzi ozizira a pachitsime akalikhudza limabaya mpaka kumutu. Ambiri timangoti ndi ukalamba. Lero tikuti ayi: nthawi zambiri ndi matenda, ndipo angathe kuimitsidwa dzino lisanagwedezeke.

Chiyambi chake ndi litsiro lofewa lomwe limamatirira pamalire a dzino ndi nkhama tikatha kudya. Likakhalitsa limauma ngati mwala moti mswachi sungalichotse, ndipo tizilombo tokhala m'menemo timatupitsa nkhama, zimayamba kutuluka magazi, chiseyeye n'kuyamba. Matendawa akalowa pansi amadya fupa lomwe lagwira dzino, nkhama n'kumatsika kutsata fupalo. Zimafanana ndi mtengo wa m'mbali mwa dambo umene madzi akukokolola dothi lake chaka ndi chaka: umaimabe, koma mizu ili poyera. Kutsuka mano mwankhanza, fodya wosuta ndi nsunko yoika m'kamwa, komanso matenda a shuga, zonse zimafulumizitsa kuwonongekaku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni ali ndi matenda aakulu a nkhama, choncho si vuto la kumudzi kokha.

Wina anena kuti makolo athu ankatsuka mano ndi kamtengo, makala ndi phulusa, koma ankafika ku ukalamba akukukuta chimanga chokazinga. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Kamtengo kotafunidwa bwino mpaka nsonga yake itafewa kamachotsa litsiro, ndipo palibe chifukwa chokanyoza. Koma makolowo sankamwa tiyi wa shuga wambiri ndi zakumwa za m'botolo tsiku lililonse monga tichitira ife, ndipo tikamawakumbukira timaiwala agogo ambiri amene anatsala ndi zibwano zokha. Makala ndi phulusa zimayeretsa chifukwa zimapala, ndipo muzu wa dzino ndi wofewa kuposa mutu wake, kotero kupala komweko kumaukumba. Winanso amati nkhama zikamatuluka magazi ndi bwino kuzisiya zipume. Apa ndi pamene ambiri amalakwira, chifukwa magaziwo akusonyeza kuti litsiro lilipo, ndipo kusiya kutsuka kumaliwonjezera. Chofunika ndi kutsuka modekha ndi mswachi wofewa, kawiri patsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.

Nkhama zimene zatsika sizimeranso zokha. N'chifukwa chake madokotala a mano anapeza njira yozigamba. Mu 1963 dokotala wa ku Sweden, Hilding Björn, anafotokoza za kudula kachidutswa ka mnofu kumwamba kwa m'kamwa ndi kukasokerera pamene nkhama zaperewera. Mu 1985 Burton Langer ndi Laureen Langer a ku America anafalitsa njira yotenga mnofu wa m'kati mokha ndi kuulowetsa pansi pa nkhama za wodwala, kuti magazi azifika mbali zonse ndi kuti mtundu wake ufanane ndi nkhama zoyandikana nazo. Munthu amabayidwa jekeseni yochititsa dzanzi, ndipo chilonda chimapola m'milungu yochepa. Mu 1985 momwemo, dokotala P. D. Miller anagawa vutoli m'magulu anayi, ndipo anasonyeza kuti muzu umaphimbika wonse pokhapokha ngati fupa la pakati pa mano silinadyeke. Likapita fupalo, ngakhale katswiri sangabweze zonse.

Nanga mlimi wa ku Vubwi zimuthandiza chiyani, poti akatswiri a opaleshoni yotere ndi ochepa ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu, pamene Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete? Funsoli ndi lolondola, ndipo likulimbitsa mfundo yathu. Ngati kugamba nkhama kuli kutali, kodula, ndiponso sikugwira ntchito fupa likatha, ndiye kuti nkhondo yeniyeni ili pa masiku oyamba. Kupala litsiro louma lija ndi ntchito imene wogwira ntchito za mano wophunzitsidwa bwino amaichita popanda opaleshoni. Tsoka lake, ambiri timapita kuchipatala dzino litagwedezeka kale, n'kukapempha kuti atizule, mpaka tazolowera kuganiza kuti ntchito ya dokotala wa mano ndi kuzula basi.

Kusintha maganizo amenewa sikufuna nyumba zatsopano. Anamkungwi amaphunzitsa kale anamwali za ukhondo wa m'thupi, amayi oyembekezera, omwe nkhama zawo zimatupa msanga, amapita kale ku sikelo, ndipo anyakwawa amaitanitsa kale misonkhano. Mafumu amene amakaonekera kwa Kalonga ali ndi mphamvu yofunsa aboma kuti zipatala za m'madera awo zikhale ndi anthu ndi zipangizo zopalira mano, osati zozulira zokha. Inunso kunyumba, mukaona magazi pa mswachi kwa masiku angapo, pitani mukapimidwe dzino likadali lolimba.