Phunziro la ku Namitete kwa amisiri a mapulogalamu a kompyuta

Mpaka chaka cha 2008, anthu ongodzipereka omwe ankayendera odwala m'midzi yozungulira chipatala cha St Gabriel ku Namitete, m'boma la Lilongwe, ankadalira miyendo ndi njinga. Wodwala chifuwa chachikulu akaleka kumwa mankhwala, kapena mankhwala akatha, munthu ankayenera kuyenda mtunda wautali kuti akanene kuchipatala. Chipatalachi chinkatumikira anthu pafupifupi 250,000, koma madokotala adali awiri okha.

M'chaka chimenecho mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Stanford ku America, Josh Nesbit, adafika pachipatalapo atanyamula kompyuta imodzi ya m'manja ndi lamya za m'manja zakale zokwana 100. Pakompyutapo padali pulogalamu yaulere yotchedwa FrontlineSMS. Ongodzipereka 75 adalandira lamya ndi kuphunzira kulemba uthenga waufupi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, kafukufuku adaonetsa kuti ogwira ntchito adapulumutsa maola oposa 2,000 omwe akadathera panjira, ndipo chiwerengero cha odwala chifuwa chachikulu omwe chipatala chinkatha kuwatsatira chidawirikiza kawiri.

Nkhani ya pulogalamuyi ili ndi zambiri zophunzitsa achinyamata omwe akutsegula timakampani tolemba mapulogalamu ndi kukonza masamba a pa intaneti, komanso makalabu a alimi ndi mabungwe a m'midzi omwe amawalemba ntchito.

Kuyambira pa vuto, osati pa makina

Yemwe adalemba FrontlineSMS ndi Ken Banks wa ku Britain. Ganizoli lidamubwerera m'chaka cha 2004 akugwira ntchito ku South Africa, komwe akuluakulu a malo osungira nyama a Kruger ankafuna njira yolumikizirana ndi anthu a m'midzi yozungulira malowo. Njira zomwe zidalipo zinkafuna intaneti, koma kumidziko kudalibe. Chomwe anthu adali nacho ndi lamya zotsika mtengo zolandira uthenga wolemba.

M'chaka cha 2005 Banks adakhala pansi yekha kwa milungu isanu ndi kulemba pulogalamuyo. Kagwiridwe kake kadali kosavuta: munthu ankalumikiza lamya kukompyuta ndi nthambo, basi kompyutayo n'kuyamba kutumiza ndi kulandira mauthenga a anthu ambiri popanda intaneti. Bungwe la Kubatana la ku Zimbabwe lidali m'gulu la oyamba kuigwiritsa ntchito, ndipo m'chaka cha 2007 anthu oyang'anira chisankho ku Nigeria adaigwiritsa ntchito potolera malipoti a ovota.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Banks sadadikire kuti intaneti ifike kumudzi. Adamanga pa chomwe chidali kale m'thumba mwa anthu. Wokonza tsamba la gulu la alimi ayenera kufunsa kaye kuti alimiwo ali ndi lamya zotani, amatchaja kuti, ndipo amagula mayunitsi a ndalama zingati pa sabata.

Tsamba lopepuka ndilo limafika kumudzi

Lero lamya zotha kutsegula intaneti zachuluka, koma mfundo ija sidasinthe. Chomwe chimalemetsa masamba ambiri ndi zithunzi ndi makanema. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi lamya yamakono chimatha kulemera kuposa mawu a m'kabuku kathunthu, ndipo wolipira kulemerako ndi wowerenga. Mmisiri wanzeru amachepetsa zithunzi asanaziike, salola kanema kuyamba kusewera yekha, ndipo amaika pamwamba zomwe mlimi wabwerera: mitengo ya mbewu, tsiku la msika, nambala ya lamya ya mlangizi.

Chachiwiri, tsamba liyesedwe pa lamya yotsika mtengo, kudera komwe netiweki imavuta, osati pakompyuta ya mu ofesi ya m'tauni. Ndi bwino kupatsa lamyayo mayi wa m'kalabu kuti afufuze yekha mtengo wa soya, mmisiri ali chete. Pomwe mayiyo wakakamira ndi pomwe pali cholakwika, ndipo cholakwikacho ndi cha tsamba, osati cha mayiyo.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Ongodzipereka a ku Namitete ankalemba mauthenga awo m'Chichewa. Tsamba la alimi lolembedwa m'Chingerezi chokha limakondweretsa opereka thandizo, koma eni ake limawasiya panja.

Ndani adzalipire chaka chamawa?

Funso lomwe limagwetsa ntchito zambiri ndi la ndalama. Tsamba la pa intaneti silili ngati chikwangwani chomwe munthu amakhoma kamodzi n'kuiwala. Dzina la tsamba limalipiridwa chaka ndi chaka, chimodzimodzinso malo omwe tsambalo limasungidwa. Zikapanda kulipiridwa, tsamba limazimirira, ndipo dzina lija munthu wina atha kuligula.

N'chifukwa chake bungwe liyenera kuonetsetsa kuti dzina la tsamba lalembetsedwa m'dzina la bungwelo, osati la mmisiri. Mawu achinsinsi olowera asungidwe ndi anthu awiri a m'komiti, ndipo mayina a mamembala ndi zolemba zina zikhale ndi kope lapadera. Zonsezi zilembedwe m'pangano ntchito isanayambe. Mmisiri atha kusamuka kapena kupeza ntchito ina. Bungwe lisatsale chimanjamanja.

Kwa mwini kampani yaing'ono, phunziro ndi lomwelo. Kulipiritsa kamodzi kokha pa ntchito yofuna chisamaliro cha zaka zambiri ndi kudzikumbira dzenje. Ndi bwino kugwirizana ndi kasitomala za kandalama ka pachaka kosamalira tsamba, kusiyana ndi kulonjeza zaulere n'kudzasowa. Ngakhale FrontlineSMS, yomwe idalandira thandizo kuchokera ku MacArthur Foundation m'chaka cha 2007 ndi kufalikira kumaiko oposa 100, idatseka ntchito zake m'chaka cha 2021. Kukondedwa kwa pulogalamu sikulipira malipiro a antchito.

Chomwe chidatsala

Komabe mbewu ya ku Namitete sidafe. Ntchito ija idabala bungwe la Medic Mobile, lomwe tsopano limangotchedwa Medic. Bungweli limatsogolera ntchito yokonza mapulogalamu aulere otchedwa Community Health Toolkit, omwe ogwira ntchito za umoyo m'midzi amagwiritsa ntchito m'maiko monga Kenya, Uganda, Mali ndi Nepal. Mapulogalamuwa adapangidwa kuti azigwira ntchito ngakhale netiweki palibe. Zomwe munthu walemba zimasungika m'lamya ndipo zimatumizidwa netiweki ikapezeka.

Zonsezi zidayamba ndi kompyuta imodzi, lamya zomwe eni ake adazitaya, ndi anthu omwe adayamba amva kaye madandaulo a oyenda pansi. Wachinyamata wa ku Chipata, Tete kapena Dedza yemwe akufuna kutsegula kampani yake sayenera kudikira ofesi yaikulu. Pafupi naye pali kalabu ya alimi yomwe mlembi wake amapalasabe njinga tsiku lonse kukangolengeza tsiku la msonkhano. Ntchito yoyamba ili pomwepo.