Gofu amamenya ndi chiuno, osati manja okha

Ukamaonera gofu pa foni, umangoti awa ndi masewera a mabwana: kumenya kampira, kuyenda pang'ono, kumenyanso. Koma funsani mnyamata amene ananyamulapo chikwama cha ndodo 14 dzuwa la Okutobala likuswa mtengo ku Mangochi. Akuuzani kuti gofu amadya thupi. Kuzungulira maenje 18 kumatenga maola anayi kapena kuposerapo, ndipo munthu amayenda makilomita 8 mpaka 10.

Ku Katuli kulibe bwalo la gofu. Wofuna kuona masewerawa ndi maso amatsika mapiri, kuoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kulowa msewu wa ku Monkey Bay mpaka pa Makokola. Kumeneko kuli bwalo la Mlambe la maenje 9. Mabwalo akuluakulu ali kutali, monga Lilongwe Golf Club ndi Limbe Country Club. Komabe nkhaniyi ikuwakhudza achinyamata a kuno. Ambiri a m'boma la Mangochi amapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo South Africa ili ndi mabwalo a gofu oposa 400. Ntchito yonyamulira osewera zikwama, ya ucaddie, ndi khomo limene osauka ambiri mu Africa alowera m'masewerawa. Khomo limenelo limafuna thupi lokonzeka.

Mphamvu imachokera pansi

Kumenya mpira kamodzi sikutenga ngakhale masekondi awiri, koma m'kanthawi kameneko mutu wa ndodo ya katswiri umathamanga makilomita pafupifupi 180 pa ola. Liwiro limeneli silichokera m'mikono. Limayambira ku mapazi oponda nthaka, kukwera m'ntchafu, chiuno n'kupota, kenako mimba ndi mapewa n'kutsatira. Manja amangomalizitsa. Chiuno chikakhala chouma, ntchito yopotayo imagwera msana, n'chifukwa chake kupweteka kwa msana ndi vuto lofala kwambiri pakati pa osewera gofu.

Gary Player wa ku South Africa, wobadwa mu 1935, anazindikira izi anzake akumuseka. Ndi munthu wamfupi, koma ankalimbitsa thupi tsiku ndi tsiku ndipo anapambana zikho zikuluzikulu 9. Tiger Woods anapambana Masters mu 1997 ali ndi zaka 21, ndipo kuchokera pamenepo jimu inakhala mbali ya gofu. Komatu nkhani yake ili ndi chenjezo. Msana unamuvuta mpaka anachitidwa maopaleshoni angapo, kuphatikizapo ya mu 2017 yolumikiza mafupa a msana. Anabwerera n'kupambananso Masters mu 2019, koma atalipira mtengo waukulu.

Zimene muli nazo kale

Mnyamata wopalasa kabaza pa zitunda za ku Katuli, kapena mtsikana wosenza ndowa ya malita 20, mphamvu ali nazo kale. Chimene khasu ndi njinga sizipereka ndi kufewa kwa chiuno ndi mapewa, chifukwa ntchito zonsezi zimaweramitsa thupi kutsogolo. Apa ndiye poyambira, ndipo sipafunika ndalama:

Ikani mpini wa khasu pamapewa, imani molimba, potolokani pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere ka 15. Gofu amapota thupi mbali imodzi, choncho mbali inayo isamanidwe.

Chitani ma squat ndi ma press-up masiku atatu pa sabata. Tsamirani zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili chiwongokere, kwa masekondi 30. Zimenezi zimalimbitsa mimba, yomwe ndi mlonda wa msana.

Imani ndi mwendo umodzi kwa mphindi imodzi. Wosewera akamaliza kumenya, thupi lonse limakhala pa mwendo wakutsogolo.

Dulani chubu chakale cha njinga, mangani pamtengo, kokani mopotoloka. Ndiye jimu yanu imeneyo.

Musanagwire ndodo, tenthetsani thupi kwa mphindi 10. Muzimwa madzi musanamve ludzu, makamaka kunyanja kumene kumatentha kuposa kumapiri. Mukamva ululu wobaya kapena dzanzi lotsikira m'mwendo, siyani, pitani kuchipatala. Uko si kulimba mtima, ndi kudziononga.

Ndodo za gofu n'zodula, palibe angatsutse. Koma ndodo mutha kubwereka. Chiuno ndi msana palibe angakubwerekeni, ndiye yambani kuzisamala lero, mwayi usanagogode.