Ntchito ya Wosunga Zamoyo za M'nyanja Yamchere

M'mizinda ikuluikulu ya maiko ambiri muli nyumba zotchedwa akwariyamu, m'mene nsomba, akamba ndi zamoyo zina za m'nyanja yamchere zimasungidwa m'maiwe a makoma agalasi kuti anthu azidzaona. Nyumba yoyamba yotere inatsegulidwa ku London m'chaka cha 1853. Mlendo wofika kumeneko amangoona nsomba zilikusambira, koma kuseri kwa galasilo kuli antchito amene moyo wa zonsezo uli m'manja mwawo.

Mbusa wa ng'ombe sadera nkhawa za mpweya umene ziweto zake zipuma, koma wosunga nsomba ayenera kuyamba ndi madzi, pakuti madziwo ndiwo mpweya, busa ndi khola la zoweta zake. M'mawa uliwonse amayesa kufunda kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere wake, umene m'nyanja umakhala magalamu ngati 35 pa lita imodzi. Amayesanso amoniya, ndiye ululu wotuluka m'matupi a nsomba zomwezo, umene ukachuluka umazipha. M'zosefera madzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timachotsa ukali wa ululuwo. Kotero nato tiyenera kusamalidwa monga ziweto.

Atatha izi amakonza chakudya, nachiyesa pa sikelo, nalemba m'buku chimene nyama iliyonse yadya. Popeza nsomba siingathe kunena pamene pakupweteka, iye amazindikira matenda poona kuti yakana kudya kapena yasintha kasambiridwe. Nsomba yachilendo imayamba yasungidwa payokha masabata angapo, kuti ingapatsire zinzake nthenda. Masiku ena amamira m'dziwe kukakwecha ndere pa magalasi. Chifukwa chake ofuna ntchitoyi amaphunzira sayansi ya zamoyo pamodzi ndi luso la kumira pansi pa madzi.

Chipatso cha khama lotere chinaoneka pa akwariyamu ya Two Oceans ku Cape Town. M'chaka cha 1997 amalinyero a chombo chophera nsomba cha ku Japan anapereka kumeneko kamba wamng'ono wa m'nyanja, wolemera makilogalamu ngati 2, amene anatchedwa Yoshi. Analeredwa zaka 20 kufikira analemera makilogalamu ngati 180. Pamenepo osunga ake anatsimikiza mtima kumbwezera kwawo, koma anaopa kuti nyama yokulira m'dziwe siidzakhala ndi mphamvu yosambira ulendo wautali. Tsono kwa miyezi yambiri anthu awiri ankamira m'dziwemo, wina mbali iyi, wina mbali inayo, namamuitana ndi chakudya mosinthana, kuti azisambira kupita ndi kubwera kufikira atalimba.

Mu Disembala 2017 anamtula m'nyanja, atamata pa chigoba chake kachipangizo kosonyeza kumene ali. Yoshi analowera kumpoto mpaka ku Angola, nabwerera, naoloka nyanja ya Indian, ndipo mu 2020 anafika ku gombe la kumadzulo kwa Australia atasambira makilomita oposa 35,000.

Amene anamdyetsa zaka zonse zija sanamuonenso ndi maso. Anatsala ndi mzere wa ulendo wake pa mapu. Komatu mzere umenewo ndiwo unali umboni wakuti madzi anayesedwa bwino, chakudya chinakwanira, ndipo panalibe tsiku limene ntchito inanyalanyazidwa.